Chala Pamphuno mu Minibasi ya ku Bangwe

Mpaka lero ku Bangwe kuli banja lomwe limanditchula kuti "mayi wa mphuno". Palibe anandilodza, abale, ndinazichita ndekha.

Ine ndine wamantha chibadwire. Ndikangomva kuti ndikumana ndi anthu achilendo, mtima umagunda ngati ng'oma, thukuta kamukamu. Ndiye Yamikani, chibwenzi changa, atandiuza kuti ndikaonekere kwa mayi ake, chakudya chinasiya kulowa. Mnzanga Esinati, yemwe ndi namwino, anandimvera chisoni n'kundiphunzitsa kapumidwe kochotsa nkhawa.

"Tsinzina, utseke mphuno imodzi ndi chala, ukoke mpweya pang'onopang'ono," anatero. "Kenako tseka inayo, utulutse. Osayankhula mpaka mtima ukhale m'malo."

Kwathu ku Ndirande zinkagwira bwino zedi (ndinapuma mpaka kugona, nyemba n'kupserera, koma imeneyo ndi nkhani ina).

Tsikulo Yamikani anati akandidikira pasiteji ku Bangwe. Ndinakwera minibasi ku Limbe nditatchena koopsa. Pambali panga panakhala mayi ena achikulire, beseni la nsomba zaziwisi lili pamiyendo. Sindinawalabadire n'komwe, maganizo anali kwa apongozi. Minibasi itangonyamuka, mtima uja unayamba zake. Ndinati palibe vuto, mankhwala ndili nawo. Chala pamphuno, maso kutsinzina, mpweya fuuu!

"Mtsikana iwe, zakununkhira?" anafunsa mayi aja.

Esinati anati osayankhula, ndiye sindinayankhe. Ndinangosamutsa chala n'kutseka mphuno inayo.

"Taonani anthuni, watseka inanso! Nsomba zanga ndi za lero lomwe izi!"

"Sisi, ofuna mpweya wabwino amakwera takisi," kondakitala anathirira ndemanga, minibasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Apa munthu wanzeru akanachotsa chala n'kupepesa. Ine ayi. Manyazi anawonjezera mantha, mantha anafuna mankhwala ambiri, ndiye ndinapuma mwamphamvu kuposa poyamba (Esinati, Mulungu akukhululukire).

"Amene adzakwatire ameneyu ndikumumvera chisoni," mayiwo anauza minibasi yonse. "Ndi mayi ake omwe."

Tinatsikira pasiteji imodzi. Yamikani anabwera akumwetulira, ine n'kukonza diresi. Anandidutsa. Anakalandira beseni lija.

"Amayi! Ah, mwakumana kale?"

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato.

"Ndi ameneyu? Nsombazi ndalawirira ku Limbe kugulira iyeyu?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinagwada pafumbi pomwepo, diresi yatsopano, n'kuyamba kufotokoza za mtima, za nkhawa, za Esinati. Anangoti, "Tiyeni kunyumba." Titafika anandipatsa mpeni ndi beseni lonse kuti ndipale mamba ndi kutumbula, iwo atakhala pampando kuyang'anitsitsa mphuno yanga. Sindinaikhudze ngakhale ntchentche itaterapo. Pakudya ndinamaliza nsomba yanga ndi mutu womwe, kuyamwa mpaka minga.

Ukwati unachitika, musade nkhawa. Koma ndikangotulukira pageti, apongozi amakuwa kuti, "Tsegulani mawindo, mayi wa mphuno afika!" Mtima umayambanso kugunda, ndipo kapumidwe kaja kamathandizadi, sindinama. Kungoti masiku ano ndimakachitira kubafa, chitseko nditakhoma.