Chitseko cha Chombo Sichikwera Sikelo

Amene akuti ndimanama aimirire ndimuone nkhope. Inu akamwini, mwabwera ndi wogula zitsulo zakaleyu kuti chitsulo changa akachisungunule ku Blantyre, apongozi anu aakazi avomera poti akuti chimangosunga zinkhanira kuseri kwa khitchini, koma palibe wandifunsa kuti chinafika bwanji pakhomo pano. Achimwene a sikelo, tsitsani kaye chingwe chanucho.

Ine mafilimu a zombo za m'mlengalenga ndinayamba kuonera ndevu zisanamere, pa vidiyo sho ya paboma, mpaka mwini wake anandiika kutsogolo kuti ndizimasulira. Chizungu sindinkachidziwa, koma anthu a ku nyenyeziwo sankachidziwanso, ndiye tinkamvana bwino. Mpaka lero ndimapanga zombo za mawaya ndi zitini, zina mwaziona zikulendewera mu mtengo wa mango. Ndipo ndinene poyera: zigawo zakale ndizo zinali filimu. Chombo chinali chakuda ndi utsi, chopindikapindika ngati lole yochokera ku Tete, chikakana kulira ankachimenya ndi sipanala. Zatsopanozi, zimene adzukulu amaonera pa foni, zombo zake n'zonyezimira ngati mbale za pa ukwati, palibe amene amadya, palibe amene amanenerera mtengo. Dziko lanji lopanda kunenerera?

Tsono chaka chimene manachesi anachuluka mpaka mbuzi kuyamba kuwakana, ndili pamsewu wa kumalire ndi dengu langa, dzuwa lili paliwombo, kunabwera chimthunzi chophimba Mwanza yense mpaka ku Kanduku, nkhuku n'kulowa m'khola, osintha ndalama n'kuthawira ku Zobue popanda wowafunsa pasipoti, chombo n'kutera kumbuyo kwa lole ya mafuta, poti pa Mwanza, ngakhale uchokere kumwamba, umayamba waima pamzere. Mukumva?

Anatuluka atatu, ataliatali ngati mapolo a magetsi, maso anayi aliyense, kutsogolo kuli loboti lowalankhulira. Anthu onse balala, ndinatsala ndekha, poti ndinali nditawaona kale pa kaseti ndipo ndinkadziwa kuti amenewa asanaphulitse dziko amayamba afotokoza nthawi yaitali. Loboti lija linati abwera kudzayesa nzeru za anthu, tikalephera Mwanza asanduka phulusa. Ine ndati, "Pepani alendo, kuno nkhani zikuluzikulu timakamba titagulana kanthu."

Anafuna manachesi, iwo atatenga mwala wowala woti alipirire. Tinanenererana, abale, ine kukwera iwo kutsika, ine kunyamula dengu ngati ndikuchoka iwo kundikoka malaya, mpaka dzuwa linaima kudikira mapeto ake, madalaivala a malole anagona n'kudzuka ndevu zitamera, mmodzi wa alendowo analira misozi yobiriwira imene inameretsa nthochi pomwepo, nthochizo n'kupsa, ife n'kudya tikunenererabe. Titagwirizana, ndinawaikira mulu wawo m'thumba, kenako awiri pamwamba. "Awa ndi a basela," ndinatero.

Loboti linafunsa mtengo wa awiriwo. Ndati palibe. Linati ndiye ndi mphatso. Ndati ayi, mphatso sitipatsa munthu amene watitulutsa thukuta chonchi. Linati ndiye mtengo woyamba uja unali wabodza. Ndati mtengo unali woona, basela ndi woonanso. Linayamba kuwerengera, mutu kuzungulira ngati chigayo, utsi kutuluka m'makutu, fungo la mawaya opsa kufika mpaka ku Neno, kenako phuu! mutu uko, thupi uku. Mukumva, akamwini? Makina odziwa mayina a nyenyezi zonse anafera manachesi awiri.

Mkulu wa alendowo anabwerera m'mbuyo. Anaona kuti mtundu wopereka chinthu chimene si chogula komanso si mphatso, sungamenyane nawo. Koma anali munthu wamanyazi, anafuna kuti nayenso aike kake pamwamba, anasanthula chombo chonse osapeza kanthu, basi anangozula chitseko n'kundipatsa ndi manja onse anayi. Ananyamuka mphepo ikuwalowa, ine pomva chisoni ndinawaponyera chitenje cha apongozi anuwa kuti atchinge pakhomo, chimene mpaka lero amati ndinachisiya kumowa.

Chitseko chake ndi chimenechi. Ichi n'chimene mukufuna kuchipachika pa chingwe ngati mbuzi.

Mukuti chiyani, achimwene? Pali zilembo za Chipwitikizi? Chithunzi cha nsomba, ndi mawu akuti Beira? Aa, nanga mumafuna sipeya azikagula kuti, kumwezi kuli shopu?

Taonani, ndakhalapo. Mukafuna kuchiyeza mutiyezere limodzi, ndipo mukawauziretu a ku Blantyre kuti mkulu amene wabwera nachoyu sasungunuka.