Baibulo Lodetsedwa la Malemu a Jacomina

Kwa Wapampando,
Komiti Yokonzanso Maphunziro a Malemba,
Chigawo cha Zilumba.

Olemekezeka Bambo Wapampando,

Ndine Krijn Wisse. Ndinkagwira ntchito yosamalira makoma otchinga nyanja mpaka mawondo atakana. Sukulu ndinalekera panjira, choncho mundikhululukire ngati kalatayi ilibe mawu akuluakulu onga a m'makalata anu. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala ya mpingo chifukwa makalata anga awiri oyamba sanayankhidwe. Sindikudabwa. Munthu wotanganidwa ndi kuthandiza anthu sangapeze nthawi yowamvera.

Nkhani ndi iyi. Lachinayi lililonse m'mawa, okalamba asanu ndi mmodzi timakumana m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi kuti tiwerenge Malemba. Mabaibulo athu a ndemanga ndi olemera ngati njerwa, ndipo mphepo ya kuno siilola nkhalamba kupalasa njinga itanyamula katundu. N'chifukwa chake kuyambira kale aliyense amasiya lake m'kabati. Mwezi watha antchito anu anabwera, anasesa kabati yonse n'kutisiyira Bokosi la Kuwala, la makadi a maphunziro ndi tabuleti. Mabuku oyera munati apita kwa osowa. Olembedwalembedwa m'kati munawatcha odetsedwa, ndipo akudikira lole ya mapepala akale, imene ikubwera Lachisanu pa 14. Pakati pa odetsedwawo pali la malemu mayi akunyumba, a Jacomina. Koma ndiyambe ndi kuthokoza, monga anatilerera makolo.

1. Zikomo chifukwa cha liwiro. Ife buku la Yobu tinali titaliyenda zaka zitatu, ndipo tinali titangofika pa mutu 38. Khadi lanu la "Yobu m'Mphindi Zitatu" linamaliza zonse khofi asanazizire: anavutika, anapirira, zinamuyendera. A Leunis Koppejan, amene anali ndi mafunso okwanira kutifikitsa pa Khirisimasi, anangoti kukamwa yasa. Tinabalalika nthawi isanakwane n'komwe theka la ola. A Leunis anafika kunyumba msanga kwambiri moti akazi awo anaganiza kuti mpingo wagawikanso.

2. Zikomo chifukwa cha tinkhope titatu ta kumapeto kwa phunziro lililonse, kosekerera, kachete ndi kokwinya, kuti tizichonga mmene tamvera. Pa phunziro lonena za imfa ya ana a Yobu, mayi Pieternella anafuna kudziwa ngati akuyenera kuchonga nkhope yawo kapena ya Yobu. Bokosi silinanene. Anachonga kosekerera, ati poti mabisiketi a tsikulo anali abwino. Ndikhulupirira kuti yankho lawo lakufikani ndipo lakulimbikitsani.

3. Zikomo chifukwa cha tabuleti imene imayankha funso lililonse. Abusa athu akale ankanena kuti "sindikudziwa" mwina kawiri pa mwezi, ndipo ife mwaumbuli tinkawalemekeza pa chifukwa chimenecho. Tabuleti yanu sinanenepo mawu amenewa. Titaifunsa chifukwa chake olungama amavutika, inatipatsa mfundo zisanu, n'kutiyamikira kuti funsolo linali labwino kwambiri. Imatero kwa aliyense. A Leunis atayetsemula inawayamikiranso.

4. Koma chachikulu, Bambo Wapampando, ndikuthokoza chifukwa cha mawu aja akuti "odetsedwa". Ndinakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi ndi munthu wodetsa Baibulo, ine osadziwa. Ankachita zimenezi masana, ndi pensulo, pa tebulo la kukhitchini. A Jacomina ankawerenga ndime, kenako ndemanga ya anthu ophunzira m'munsi mwake, kenako n'kuyamba kukangana nawo m'mphepete mwa tsamba. Pamene katswiri wina anafotokoza za kuleza mtima, iwo analemba kuti, "Ameneyu sanalerepo mwana." Timanambala tija totumiza munthu ku ndime ina ankatitsatira tonse, ndipo pena anabwerako n'kulemba kuti, "Ndapitako, kulibe kanthu." Pamalo angapo pali mawu akuti, "Krijn awerenge apa, kawiri." Ndinawerenga kawiri. Sikunali kulakwitsa.

Ndivomere kuti uve umenewu unafalikira gulu lonse. Ndemanga yosindikizidwa ikatikanika, mayi Pieternella ankangondikodola kuti nditsegule bukulo timve zimene a Jacomina ananena. Nthawi zambiri sankayankha funso, ankangolikulitsa, ndipo tinkapita kwathu tikukangana mpaka pamphambano. Tsopano tikupita kwathu mwamtendere. Palibe amene amalankhula.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene komiti sikanatha kukadziwa. M'nyengo yozizira yomaliza ya moyo wawo, atagona kale pabedi, a Jacomina anapitiriza kulemba mpaka kumapeto kwa Yobu. Ine sindinasuzumire kutsogolo. Ndinaganiza zoyenda ndi gulu, pang'onopang'ono, kuti Lachinayi lililonse ndizimva mawu awo amene sindinamvepo. Yatsala mitu isanu. Sindikudandaula ayi. Kungoti ndi pomwe Mulungu akuyamba kuyankha Yobu ali m'kavuluvulu, ndipo mmene ndinkawadziwira mayiwo, ndikukayika kuti anangokhala chete.

Ndamva kuti mapepala akalewo amakapanga makatoni a mazira. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo nkhuku sindinayambanepo nazo. Komabe ndikupempha modzichepetsa kuti wina atsegule nyumba yanu yosungira katundu lole isanafike. Bukulo ndi lakuda, msana wake ndi womangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Silingasowe. Ndilo lodetsedwa kuposa onse.

Ngati malamulo a komiti salola kuti buku libwerere m'tchalitchi lili ndi uve, sindikana. Ndingopempha kuti mulibweretse nokha Lachinayi nthawi ya 10 koloko. Chofufutira ndigula ine, mpando wa khushoni tikupatsani inu. Mawu aliwonse muzidzayamba mwawawerenga mokweza pamaso pathu, kenako n'kufufuta ndi dzanja lanu. Mudzayambire kumapeto kwa mutu wachiwiri, pamene anzake atatu a Yobu anapangana zopita kukamuthandiza. Pambali pa mayina awo a Jacomina analembapo kuti, "Wapampando, mlembi ndi msungichuma." M'munsi pang'ono anawonjezera kuti, "Masiku asanu ndi awiri oyamba anagwira ntchito yotamandika, poti anali chete." Ife takhala tikusiyana maganizo pa tanthauzo lake, ndipo tidzakondwa kumva kumasulira kwanu.

Ine wanu wothandizidwa kopitirira muyezo,

Krijn Wisse,
wa gulu la Lachinayi m'mawa.