Nsapato Panja, Mwana M'kati

Mpaka lero alamu anga a Felista akafuna kuseketsa anamwino anzawo ku Mua amangoti, "Mufunseni uyu za nsapato zofiira." Ndiye ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa iwo akamakamba amathira mchere wambiri. Amati ndinagubuduzika pansi, pomwe ine ndinangogwada basi.

Bambo a Yankho anapita ku Joni ine ndili ndi pakati. Mwana anabadwa, anayamba kukhala, timano tinatuluka, bambo wake akungomuonera pa foni. Kenako anatumiza mawu kuti ndibwere naye adzamunyamuleko, ndipo achemwali awo a Felista andiperekeza pa ndege popeza nawonso amapita komweko ku maphunziro. Ine wa ku Mtakataka, sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ulendo wanga wautali unali wa ku Salima. Ndege ndinkangoiona ngati kadontho koyera ndikamaingitsa mbalame m'munda wa mpunga.

Ku msika wa Golomoti ndinagula nsapato zofiira za pa kaunjika, zoti mwamuna akandione nazo. Mayi anga sanazitame n'komwe. Anangondigwira pa mkono n'kunena kuti, "Mwana asachoke m'manja mwako. Kumeneko anthu sadziwana."

Titafika ku bwalo la ndege mutu unali wopepuka ndi tulo, zonse zinkaoneka ngati ndikulota. Pansi pamawala ngati madzi a padambo, ndinkaponda pang'onopang'ono kuopa kumira. Mawu amachokera kudenga, munthu wake osaoneka. Atatha kutisecha anatiuza kuti ndege yathu ichedwa, ndipo alamu, m'malo modandaula, anamwetulira n'kutulutsa kakhadi ka ku banki.

"Mlamu, lero udziwa kuti unakwatiwa pa mtundu wa anthu. Kameneka kamatsegula chipinda cha mabwana, amati launji. Mipando ngati matiresi, chakudya chongodzitengera, mpaka bafa la madzi otentha. Ndipo ndimaloledwa kulowa ndi mlendo mmodzi."

"Nanga Yankho?"

"Ameneyo ndi katundu wa m'manja."

Kani kakhadi ka mabwanako aliyense anali nako. Pa chitseko cha galasi panali mzere ngati wa ku sikelo, aliyense atanyamula kake, ena akudzikupiza nako. Alamu anatsonya. "A banki angogawa ngati makuponi a feteleza." Tinadikira mpaka ena atatuluka, mtsikana wa pa chitseko n'kutikodola kuti tilowe.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Kuyambira pa khomo pomwepo munali kapeti wofewa ngati ubweya wa kamwana ka mbuzi. Kwathu mkeka wa eni suupondera nsapato, ndiye uwu? Ndinavula zofiira zanga, n'kuziyala bwinobwino kunja pambali pa chitseko. (Alamu anali atatsogola, sanaone. Amati akanaona akanandibweza ku Mtakataka wapansi.)

M'katimo munali modzaza ngati minibasi ya tsiku la msika. Ena anakhala pa zikwama, ena m'mphepete mwa mipando ya anzawo, ena pansi motsamira khoma, mafoni atalumikiza ku magetsi ngati tiana ta nkhumba tikuyamwa. Mbale za chakudya chongodzitengera chija zinali zitayera, munangotsala nyenyeswa za buledi. Koma chodabwitsa, munali zii. Kanyimbo kamalira chapansipansi, fungo la khofi, ndipo kuseri kwa windo lalikulu ndege zoyera zinaima ngati akakowa. Ina imayenda pang'onopang'ono popanda phokoso lililonse, ndipo ndinkaona ngati ndife amene tikuyandama.

Mpando sitinaupeze. Ndinamasula Yankho kumbuyo n'kumuyamwitsa chiimirire pa kona, mpaka anagona, kachipewa kake kachikasu katatsikira pa mphumi.

"Chakudya atimana, mpando atimana, koma bafa lokha sandimana," anatero alamu. "Ima pompano, usasunthe." Anapita ndi chikwama, momwe munali foni yanga, mapasipoti ndi matikiti.

Maso anga sakhala malo amodzi. Ndinkayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, kenako kupyolera pa galasi la chitseko ndinaona bambo wokolopa ataima pa nsapato zanga. Anazinyamula, anayang'ana uku ndi uku, anaziponya mu kangolo kake ka zinyalala, n'kumapita.

Tsono mundimvetse. Kwathu minibasi ikadzaza, mwana umangomuika pa miyendo ya amene wakhala pansi, ngakhale sumudziwa. Nthawi zina amalowera pa windo iwe ukulimbana ndi thumba la chimanga pa chitseko. Palibe amafunsa dzina, ndipo potsika umangoitana, mwana n'kubwera. Manja anga anachita zimenezo mutu usanaganize. Pafupi nane panakhala mayi wina wa mpango wobiriwira. Ndinangoti, "Tandigwirireniko," n'kumutula pa miyendo pawo. Anayankha m'chilankhulo chimene sindinachimve, koma manja awo anamulandira.

Ndinathamanga wosavala nsapato, n'kukawapeza bambo aja pa masitepe.

"Bambo, pepani, nsapatozo ndi zanga."

"Ndimayesa zatayidwa. Nanga munavuliranji? Mumalowa mu mzikiti?"

"Muli kapeti."

Anandiyang'ana kumapazi, anandiyang'ana kumaso, anandipatsa nsapatozo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Pobwerera, pa chitseko panali pataima mayi wina, osati mtsikana uja.

"Khadi lanu, mayi."

"Ndinali momwemu. Ndangotuluka pompano."

"Tikiti yanu?"

"Ili ndi alamu anga. Akusamba."

"Akusamba," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. "Mwadzaza, mayi. Mutatuluka palowa wina."

Kumbuyo kwanga bambo wina wa tayi anati, "Achemwali, mzere ukuyambira uko. Ife miyendo yatupa kale."

"Mwana wanga ali m'katimo."

Mayi wa pa chitseko anasiya kuyang'ana pa kompyuta. "Ali ndi ndani?"

"Ndi mayi ena."

"Dzina lawo?"

Dzina ndikanalidziwira kuti? Nkhope yawo sindinaiyang'ane bwino. Ndinkangodziwa mpango.

Nthawi yomweyo mawu a kudenga aja analankhula, akuitana ndege ya dziko lina. M'katimo anthu anayamba kudzuka, kukoka zikwama, ndipo ndinaona chimene sindinachione poyamba: mbali inayo kunali chitseko china, cholowera ku ndege. Mpango wobiriwira unkayenda pakati pa mitu, mwini wake atakumbatira kanthu pachifuwa, unafika pa chitseko chija, n'kuzimiririka. Mabere anandilasa, mkaka unanyowetsa bulawuzi. Ndinamva mawu a mayi anga pa mkono pomwe anandigwira paja. Ndinaona bambo a Yankho ataima ku Joni manja atatambasula, ine n'kuwapatsa nsapato zofiira.

Ndi pamene ndinagwada. Mayi uja anati dikirani tiitane achitetezo, anayamba kusakasaka nambala, koma ine kudikira kunali kutandithera. Wina atatsegula chitseko kuti atuluke, ndinalowetsa mutu n'kuitana ndi mawu amene ndimaitanira pa siteji ya Golomoti.

"Tandipatsirani mwanayo! Wachipewa chachikasu, abwere kuno ku chitseko!"

Makapu anaima m'malere. Onse anatembenuka. Mayi wa pa chitseko, Mulungu awadalitse, anabwereza m'Chingerezi. Kenako kumapeto kwenikweni, pafupi ndi windo la ndege zija, kachipewa kachikasu kanatulukira pamwamba pa mitu, m'manja mwa bambo wamkulu wandevu wovala suti.

Podutsa panalibe, ndiye anamupereka kwa woyandikana naye. Uyo anapatsira sisitere, sisitere anapatsira mzungu wa kabudula, mzungu anapatsira bambo wina amene anapana foni ndi phewa osasiya kulankhula. Yankho ankabwera pang'onopang'ono pamwamba pa anthu, miyendo ili lende, ngati dengu loyandama pa mtsinje, kanyimbo kaja kakulirabe. Sanadzuke. Anafika pa chitseko akununkhira mafuta onunkhira a mitundumitundu, bisiketi ali m'kankhonya.

Kani mayi a mpango aja, ndege yawo itaitanidwa, anamupatsira woyandikana nawo n'kuloza ku chitseko kumene ndinatulukira. Chimene anakumbatira chinali chikwama. Wolandira mwana uja pofuna khofi anamupatsira wina, winayo wina.

"Uyu alibe khadi," anatero mayi wa pa chitseko pondipatsa, "koma wakhala pa mipando yambiri kuposa onsewa."

Bambo wa tayi uja anati, "Achemwali, tibwerekeniko mwanayo, mwina ifenso tilowa."

Ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndikumununkhiza m'khosi, kuwerenga zala zake ngati wangobadwa kumene. Ndi mmene alamu anatulukira, nkhope ikuwala, akununkhira sopo.

"Mlamu, ukutani panja? Nanga nsapato zili m'manja bwanji?"

Mu launji sitinabwereremonso. Tinakakhala pa mabenchi achitsulo a anthu wamba, amene anali opanda munthu chifukwa aliyense anali pa mzere wa mabwana. Alamu anandilumbiritsa pa korona wawo kuti mwana sindidzapatsanso mlendo, ndipo ndinalumbira ndi mtima wonse.

Ndege itakwera, mitambo inali pansi pathu ngati thonje loyanika pa bwalo, ndipo ndinaiyang'ana mpaka ndinaiwala kuopa. Koma tiyi amene anatipatsa anafuna potulukira. Alamu anali atagona, kukamwa kuli yasa. Mbali inayi kunakhala agogo ena aamuna a magalasi, manja ali pa miyendo, opanda chochita.

"Tandigwirireniko."

Alamu anatsegula diso limodzi. "Wayambiranso?"

"Alamu, muno atulukira naye pati?"

Nsapato zokha ndiye sindinavulenso mpaka ku Joni, ngakhale mu ndegemo munalinso kapeti.