Mmene Pulinta Inandikwezera Udindo

Mukadzamva mlimi wa ku Chipangali akunditchula kuti "bwana wa papepala", musadzamukalipire. Dzinalo ndinalipempha ndekha, ndi zala zangazi, ndipo linatsala pang'ono kundidyera ntchito.

Munali mu 1999, mvula ili pafupi kugwa. Ndinali kalaliki pa ofesi ya bungwe lina la alimi a thonje ndi mtedza m'tauni ya Chipata, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu makalata onse ndinkawalemba pa tayipi ya manja. Kenako kunabwera kompyuta. Anadzaiika ndi Amai Jere, mayi wa ku Mtenguleni amene anaphunzira za makinawa ku Lusaka. Ankasamalira makompyuta a maofesi angapo m'boma lathu, ndipo ankayenda pa njinga yamoto, chitenje atamanga pamwamba pa thalauzi, chikwama cha madiski chili kumsana. Sankalankhula zambiri, koma makina akawaona ankaleka mwano.

Tsiku loyamba anandikhazika pampando n'kundifotokozera. "M'kati mwa kompyutayi ndaikamo kompyuta ina yongoyerekeza. Muitenge ngati chipinda cha alendo. Inu a kalaliki muzigwira ntchito mmenemo. Lembani, fufutani, sokonezani, nyumba siigwa. Mndandanda wa alimi ndi chikombole cha makalata zili kuchipinda cha eni nyumba. Kumeneko timalowako ine ndi a Mwanza basi, ndi mawu achinsinsi."

A Mwanza anali mtsogoleri wa bungwelo. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima zinandiwawa. (Zaka zonsezija, makiyi a geti akugona kwanga, lero ndine mlendo?)

Lachitatu lina m'mawa ndinatumiza kalata ku pulinta osadziwa kuti mapepala atha. Pa sikirini panatuluka kabokosi kodandaula. Masiku onse ndinkangokatseka, koma tsiku limenelo chala chinapita pa batani lopempha thandizo. Panatseguka tsamba la malangizo, ndipo pakona pake panali potsegulira mafayilo. Nditadinapo ndinaona mayina amene ndinali ndisanawaonepo. Ndinasankha limodzi. Linatseguka osandifunsa mawu achinsinsi, ngakhale moni. Ndinali ndalowa kwa eni nyumba.

Munthu wanzeru akanatseka n'kuimbira Amai Jere. Ine ndinati ndingoonako pang'ono. Ndinapeza chikombole cha makalata, chija chimaika chokha dzina la bungwe pamwamba ndi la mtsogoleri pansi pa kalata iliyonse. Ndinafufuta dzina la a Mwanza n'kulembapo langa, kuti ndingoona mmene lingaonekere. (Linkaoneka bwino kwambiri. Bodza ayi.) Ndili mkati mosirira, anzanga anandiitana kuti tiyi wapsa. Dzanja linachita zimene Amai Jere analiphunzitsa: usanadzuke, sunga ntchito yako. Ndinasunga.

Masana a Mwanza analowa mothamanga. Lole ya mbewu inali itakodwa kwa a kasitomu okhometsa msonkho pa malire a Mwami, ndipo ankapita komweko kukaimasula.

"Sindikizani makalata oitana atsogoleri a makalabu onse, abwere Lolemba kudzatenga mbewu. Mungodinda chidindo, kusaina sindipeza mpata. Dalaivala awatenge lero lomwe."

Ndinasindikiza, ndinadinda, ndinapinda, osawerenga ngakhale imodzi. Ndani amawerenga kalata yoti walemba yekha? Makalata anapita ku Chipangali ndi midzi yonse yozungulira.

Lachisanu, poika kope yotsala m'kabati, maso anagwera pansi pa tsamba. Mtsogoleri wa bungwe: ine. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

Ndinachotsa mapepala mu pulinta mwadala, kabokosi kaja kanatuluka, ndipo ndinadutsa njira yomwe ija. Dzina la a Mwanza ndinalibwezera. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhani ili yaifupi. Koma ndikutuluka ndinaona fayilo ina yaikulu, ya dzina losamveka, ndipo pambali pake panali tsiku lomwelo ndi nthawi yeniyeniyo. Ndinadikira kamphindi, nthawi ija inasintha. Ndinati basi, kazitape ndi ameneyu, akulemba chilichonse chimene ndikuchita. Ndinaifufuta. Kompyuta inandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndipo ndinatsimikiza ndi mtima wonse.

Posakhalitsa sikirini inada. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, panangobwera mizere iwiri ya Chingerezi chokalipa. Ndinaiphimba ndi nsalu yake bwinobwino n'kupita kunyumba. Lamlungu ku Misa ndinagwada nthawi yaitali mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati mawondo auma.

Lolemba pabwalo la ofesi panadzaza njinga. Lole inali itafika, koma mndandanda wonena kalabu iti itenga matumba angati unali m'kompyuta yakufayo. Ndisanapeze poyambira kuulula, anatulukira Amai Sakala, mtsogoleri wa kalabu ina ya ku Chipangali, tambala ali m'khwapa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Tamva, bwana, tamva. Mulungu wakuonani. Koma nanga a Mwanza, anawachotsa kapena anatisiya? Ife maliro sitinamve."

A Mwanza anali ataima kumbuyo kwawo. Anapempha kalatayo mwaulemu, anaiwerenga mpaka pansi, kenako anandiyang'ana.

"Bwana," anatero, "mukamaliza kulandira mphatso, mundipeze mu ofesi yanu."

Mu ofesimo ndinaulula zonse. Anati nkhani ya mbewu ikatha ndisiye makiyi patebulo. Kenako anaimbira Amai Jere.

Amai Jere anafika fumbi lili m'nsidze. Sanafunse kuti walakwa ndani. Analowa ndi mawu awo achinsinsi, ndipo choyamba anasindikiza mndandanda. "Alimi achokera kutali, ayambe kulandira," anatero. Matumba atayamba kutsika m'lole, anatulutsa madiski m'chikwama n'kubwezeretsa chimene ndinafufuta. Anali atasunga kope milungu iwiri m'mbuyomo, osauza munthu.

"Mukudziwa chimene munafufuta?" anandifunsa.

"Kazitape, amai."

"Chinali chipinda cha alendo chija. Munachigwetsa inu muli momwemo."

Apa pokha m'pamene anaseka, pang'ono, atatseka pakamwa. Kenako nkhope inabwerera pantchito. "Mawu achinsinsi anakupatsani ndani?"

"Palibe. Ndinadzera ku pulinta."

Anakoka mpando n'kutulutsa kabuku. "Ndionetseni. Pang'onopang'ono, musadumphe kanthu."

Ndinawaonetsa katatu, iwo akulemba batani lililonse. Kachitatu anaitana a Mwanza kuti adzaone. Anafotokoza kuti kapulogalamu kotumiza makalata ku pulinta kankayenda ndi mphamvu za eni nyumba, ndiye aliyense wogwira mkono wake ankalowa nako paliponse osafunsidwa.

"Dzina a kalalikiwa analemba okha, pamenepo muwalange mmene mungafunire," anatero. "Koma ndine ndinakuuzani kuti khomo ndi lotseka. Ndinakhulupirira amene anapanga pulogalamuyi, osayesa ndekha. Pulogalamu yomweyi ndinaiikanso kumalo ena kumene amasunga mayina a odwala. Akanatulukira njirayi munthu wamtima woipa, sitikanadziwa mpaka kalekale. Mwayi wathu ndi woti waitulukira munthu amene amangofuna kuona dzina lake papepala."

Sindinadziwe ngati akunditeteza kapena akundimaliza. Koma ndinali ndisanaonepo munthu wophunzira chotero akunyamula yekha gawo lake la mlandu pamaso pa bwana, popanda womukakamiza. Akanangoti kalalikiyu ndi wosamva, aliyense akanavomereza, ngakhale ine.

Pomaliza a Mwanza anati makiyi ndisunge, koma ndikaime pa lole ndiuze mtsogoleri wa kalabu aliyense, mmodzimmodzi, kuti ine si bwana. Ndinanena mawu amenewo tsiku lonse. Ena ankandipepesa ngati ndachotsedwa paudindo. Amai Sakala anabwerera ndi tambala wawo.

Amai Jere sanadye n'komwe. Anazimitsa batani la thandizo lija, n'kukwera njinga kukatseka khomo lomwelo m'maofesi enawo dzuwa lisanalowe. Analembera amene anapanga pulogalamuyo, n'kufotokoza njira yonse monga inalili m'kabuku kaja. Patapita milungu ingapo anabwera ndi pulogalamu yokonzedwa. Ataiika anachotsa okha mapepala mu pulinta n'kundipatsa mpando.

"Thyolani," anatero.

Ndinayesa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ndinadina apa, ndinadina apo, paliponse inkandifunsa mawu achinsinsi. Ndinakweza manja. Iwo anandigwira chanza n'kunena kuti tsopano mtima wawo wakhala pansi, chifukwa ngati yandikanika ine, yatsekekadi. (Mpaka lero ndimawerengera mawu amenewa ngati satifiketi.)

Kwa mayi amene uja ndinaphunzira kuti wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti chinthu chachitika bwanji, za wolakwa zimabwera pambuyo. Phunziro linalo, loti batani losakukhudza uzilisiya, likundivutabe. Mkazi wanga akamapita kukasamba amatenga foni yake.