Mizere ya Bambo Lucius

Bambo Lucius sankatha kuona anthu atatu ataima osawaika pamzere. Highfields yonse, dera lathu kuno kudziko la azungu, inkawadziwa nazo. Pa siteji ya basi ankawongola ngakhale azungu, eni ake a mizere. Kunyumba yosamalira okalamba kumene tinkagwira ntchito limodzi, pofika nthawi ya tiyi agogo onse ankapezeka atandandalikidwa pa njinga zawo za olumala, wamfupi patsogolo.

Pa chinkhoswe china anabweza abusa pa mzere wa mpunga.

"Bambo Lucius, chakudyachi ndapempherera ndinetu."

"Mwachita bwino, abusa. Kumbuyo kwa Mai Tionge."

Ine ndiye wachidwi, amayi ankati ndidzafera pazenera. Chinkandisowetsa mtendere ndi sitolo ya Mai Rehmat, mmwenye wobadwira ku Mitundu, wa Chichewa chothyakuka. Tonse tinkagula ufa ndi usipa kumeneko, koma Bambo Lucius akayandikira pakhomo ankawoloka msewu. Tsiku lina ndinawapanikiza m'basi.

"Mwana wanga, ine ndinali wayufi nthawi ya chipani chimodzi," anatero. "Poyamba ankatiphunzitsa kulima mizere yowongoka ndi chingwe. Kenako anati tizindandalika amayi kokavina. Kenako malaya ofiira ndi ndodo, wopanda khadi la chipani asalowe mumsika. Tsiku limene zinasintha sindilidziwa, ine ndinkangoona mzere. Amwenye atalamulidwa kuchoka kumidzi, banja la Mai Rehmat ndinalikweza lole ndine. Iwo anali kamtsikana."

"Nanga osakapepesa bwanji?"

"Ndikadzapeza ofu yabwino kuntchito."

Maofu anabwera ambirimbiri, yabwino sinapezeke. Anamwalira m'nyengo yozizira ya 2018. Pamaliro Mai Rehmat anabwera, ndipo anandikokera pambali.

"Ndinawazindikira tsiku loyamba lomwe. Mawu ajatu saiwalika. Zaka khumi ndakhala ndikudikira kuti alowe."

"Kuti muwakalipire?"

"Ayi, mwanawe. Mayi anga anaikidwa kuseri kwa sitolo yathu ija ya ku Mitundu. Ndinkangofuna kuwafunsa ngati manda aja akadalipo."

Ndinawakwiyira Bambo Lucius tsiku limenelo, ali m'bokosi momwemo, ndipo mpaka pano ndimawasowa. Misonkhano yathu ya anthu ochokera kwathu imatha msanga masiku ano, palibe wotiseketsa. Ndikapita kokagula ufa, Mai Rehmat amandifunsa ngati kwabwera wina aliyense wa ku Mitundu. Sindinamupezebe.