Swichi ya m'chipinda cha apongozi

Mpaka lero apongozi anga aakazi akamandipatsa moni amayamba ayang'ana kudenga. Ana anga amayesa agogo awo akupemphera. Ine ndimadziwa chimene amayang'ana.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikufunsira mwana wawo Esinati. Bambo ake, aphunzitsi opuma, anali ndi kasukulu kotayipa kunyumba kwawo ku Kapata: makompyuta atatu akale pabalaza ndi printa imodzi. Atawonjezera ena awiri m'kanyumba ka kuseri, anafuna kuti onse azitumiza ntchito ku printa yomweyo. Ine, ndi kakosi kanga ka makompyuta ka ku Lusaka, ndinadziguguda pachifuwa. Pankafunika swichi (osati yoyatsira magetsi ayi, koma bokosi lokumaniramo zingwe za makompyuta).

Mnzanga Yusufu, amene ankaoda katundu ku Lilongwe, anandilangiza: "Gula tiswichi ting'onoting'ono. Kena pabalaza, kena kuseri, chingwe chimodzi pakati. Kakafa kamodzi, kanzake kazigwirabe."

"Iwe ziwa za zitenje," ndinatero. "Tambirimbiri n'kuchulutsa zowonongeka. Masoketi ake ali kuti? Ndibweretsere chimodzi chachikulu."

Mfundo zanga sizinali zabodza, koma chenicheni ndinkafuna chinthu cha timagetsi tambiri choti akuchikazi aone kuti mnyamatayu ndi wozama. Kanthu konga bokosi la machesi sikakwatitsa munthu.

Chitabwera, ndinafunafuna malo a pakati pa nyumba, okiyika, okhala ndi soketi yabwino. Malo ake anali amodzi okha: pamwamba pa wadirobu m'chipinda chogona cha eni nyumba. Nthawiyo ndinali chabe mnyamata wa makompyuta, ndiye ndinalowa ndi makwerero, ndikuimba mluzu, zingwe zonse n'kuzidutsitsa m'siling'i. Sindinaganize n'komwe kuti munthu amene akukonzekera kukhala mkamwini akuika mtima wa ntchito yake m'chipinda chimene sadzapondamonso.

Titakwatirana tinayamba takhala m'kanyumba ka kuseri kaja. Tsopano apongozi ndikakumana nawo pakhonde ndinkapatuka, maso pansi. Swichi ikakakamira ndinkatuma Esinati, ine nditaima panja pa zenera ngati wopempha mchere. "Timagetsi tikuphethira?" Iye n'kumaseka m'katimo.

Ndiye linafika Loweruka lina la mu Okutobala. Esinati anali ku Tamanda, kudikirira mwana wathu woyamba. Bambo anapita kumaliro ku Kasenengwa, atandisiyira mapulogalamu a Misa ya ulimbitso ya mawa lake. "Ndadalira inu, akamwini," anatero. Amayi anapita kumapemphero a kumphakati, kiyi wa chipinda ali pa mfundo ya chitenje. Nditadina kuti mapulogalamuwo asindikizidwe, printa inangoti zii. Makompyuta onse asanu osaonana.

Akatekisiti anabwera pa njinga kudzatenga mapulogalamuwo, ndinawauza kuti abwerenso. Anabweranso, nkhope itasintha. Ndinkaona kale bambo akuchita manyazi pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha mkamwini wogona pakhomo pawo, wodya zawo, wolephera chinthu chimodzi chokha chimene amadziwika nacho. (Mukuti bwanji sindinangonyamula kompyutayo kukailumikiza pa printa penipeni? Nzeru imeneyo inandifikiradi, koma ndili kale m'mwamba.)

Ndinakwera kudenga kudzera pa kabowo ka siling'i m'khonde la m'kati. Pansi pa malata mu Okutobala sipokhala munthu wobatizidwa. Ndinakwawa pa mitanda, thukuta lili kamukamu, ndikutsatira zingwe zanga mpaka pamene zinkatsikira pa wadirobu. Maganizo anali oti ndipise dzanja basi. Dzanja lokha, ndinadziuza, si kulowa m'chipinda.

Bondo linaterereka. Siling'i inati phwa, mwendo wanga wonse n'kutulukira kunsi mpaka m'ntchafu. Nsapato inavuka, ndipo ndinaimva ikugwera pa chinthu chofewa. Chinthucho chinatsokomola.

Amayi anali atabwerako msanga, mutu ukuwapweteka, n'kugona opanda duku. Ndinafuna nthaka ing'ambike, koma nthaka inali kutali. Panapita kanthawi, mwendo ukulendewera, sokosi yobooka pachala.

"Mwendowu ndi wa yani?" anafunsa modekha.

"Ndi wanga, amayi."

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi."

"Ife taswera. Mumafuna chiyani kumwambako?"

"Swichi, amayi. Yasiya kugwira."

"Ndinaizula ndine m'mawa posita. Komanso timagetsi take timandiyang'ana." Ndinamva akudzuka, akubweza pulagi. "Kokani mwendo wanuwo, ndifuna kuvala duku."

Nsapato ndinaipeza pa zenera, itapukutidwa fumbi. Mapulogalamu anatuluka, akatekisiti anapita, koma ine chakudya chinandikanika. Mkamwini wolowa m'chipinda cha apongozi ndi mlandu wa ankhoswe, nanga wolowera kudenga? Ndinkangoona Esinati akubwera ndi khanda n'kupeza katundu wanga ali panja.

Bambo atafika Lolemba, anatiitana tonse pabalaza n'kufunsa chimene chaboola siling'i.

"Khoswe," anayankha amayi, akuyang'ana kukhoma. "Wamkulu ndithu. Koma sadzabweranso."

Bambo anapukusa mutu. "Akamwini, mukwereko mukathire mankhwala. Inu ndinu odziwa njira za m'mwambamo."

Sabata yomweyo ndinapita kwa Yusufu kukaitanitsa tiswichi tiwiri ting'onoting'ono, kena ka pabalaza, kena ka kuseri, pamalo pofika mkamwini ndi miyendo yake yonse iwiri. Chachikulu chija sindinachitengenso, chifukwa wochitsitsa panalibe. Esinati akuti chikadali pa wadirobu pomwepo, amayi anachiyala kansalu koluka n'kuikapo chithunzi cha ukwati wathu.