Insipekitala Wabodza ndi Chuma cha Murgo

Mapulani onse opusa a m'tauni mwathu muno amabadwira m'bala mwanga, patebulo la pafupi ndi mbaula, ndipo ine Stanka ndimangokhala mzamba wosafuna. Koma pa onse amene ndawamva ndikuthira rakiya, kachasu wathu wa maplamu uja, palibe oposa a Radoje ndi anzake awiri.

Radoje ndi mbusa wa nkhosa wa kuphiri, wa ndevu zofika pachifuwa, moti ana amangomuti Chindevu. Mkazi anamuthawa kalekale, mano nawo akumuthawa limodzilimodzi, koma anali ndi chinthu chimodzi chonyadira: Murgo, chigalu chakuda, msinkhu ngati thole. Agogo ake ndiwo anayambitsa mtundu wa agalu amenewa, othamangitsa mimbulu, ndipo Murgo anali wamphongo wotsiriza. Akapanda kubereka ameneyo, mtundu wonse wathera pomwepo.

Tsoka linabwera ndi munthu wa positi. Murgo anamung'ambira thalauzi, a khonsolo anafika ndi ukonde, napeza kuti galuyo sanabayitsepo katemera chibadwire, ndiye anamunyamula ulendo wa kukhola kumene amasungako agalu osokera. Tsono lamulo la kumeneko aliyense amalidziwa: galu wamphongo akalowa, amatuluka atathenedwa.

Tsikulo Radoje anakhala m'bala mwanga kulira ngati wafedwa.

"Amudula, alamu. Chuma cha agogo anga, achitaya m'ndowa!"

Alamu akewo ndi Milojko, amene anakwatira mlongo wake. Timamuti Nduna, chifukwa ali ndi suti imodzi ndi chikwama cha chikopa kuchokera nthawi imene ankayendera matikiti m'mabasi, ndipo mpaka lero amayenda ngati pali wina amene iye akufuna kumutsitsa m'basi. Wachitatu anali Dobrica, wonyamula kabichi pa kagalimoto kake kokalamba. Ameneyu dzina lake ndi Mabuleki, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene galimotoyo ilibe.

Nduna anagogoda tebulo ndi chala.

"Pukutani misozi, alamu. Mbava zopusa zimadumpha mpanda. Madolo amalowera pageti, eni ake nkuwagwadira. Anthu a boma amaopa chiyani? Insipekitala wochokera ku Belgrade! Ine nditchena suti, inu muvala chovala choyera ngati wondithandiza. Ndikayang'ana uku ndi uku, kenako ndikati, galu wakuda uyu ali ndi nthenda yoopsa, tikumutengera ku likulu. Mabuleki adikira panja. Dilu yatheka."

"Aise, mutu wakowu unayenera kukhala ku nyumba ya malamulo," anatero Mabuleki, akunyambita tambula.

Ine ndinaimitsa botolo m'mwamba. Pajatu dokotala wa ziweto wa kukholako, mayi Zorka, amadya nyemba kwa ine masana aliwonse, ndipo nyimbo yake inali imodzi. Anamumangira chipinda chatsopano cha opaleshoni, koma lamulo latsopano linkati mpeni usakhudze chiweto m'menemo mpaka insipekitala atabwera kudzachiona nkuvomereza. Insipekitalayo anali asanabwere chiyambire dzinja. Ndiye kuti agalu onse ankatuluka kumeneko ali amphumphu, ndipo Murgo anali pamalo otetezeka kuposa kwawo kuphiri.

"Abambo inu," ndinatero, "nkhani ya insipekitalayo, mukanayamba mwandimva kaye."

"Mayi Stanka," anandidula Nduna, osandiyang'ana nkomwe, "inu thirani rakiya. Nzeru tabwera nazo tokha."

Ndinayesanso, Radoje anati izi ndi nkhani za amuna. Ooo, za amuna? Chabwino. Ndinathira mpaka kusefukira, ndinatseka pakamwa panga. Ndinapsa mtima, sindinama.

Vuto linali limodzi. Dokotala Zorka ndi mlendo kuno, Nduna ndi Mabuleki sankawadziwa chifukwa iwo amabwera dzuwa litapendeka. Koma Radoje anali atapita kale kukatukwana pageti, ndipo ndevu zimene zija munthu sangaziiwale. M'mawa mwake anapita kwa wometa. Ndevu zimene anazisunga kuyambira ali mnyamata zinagwa pansi ngati ubweya wa nkhosa, ndipo chimene chinatulukira pansi pake ndi kachibwano kakang'ono, kotuwa, kamene ngakhale mlongo wake sanakazindikire.

Atatuwo anafika kukholako nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Msewu wa kumeneko ndi wotsetsereka, geti lili kumunsi, ndiye Mabuleki anaimika galimoto kumtunda nkuika mwala kutayala.

"Ukamva phokoso, khala wokonzeka," anamuuza Nduna.

"Bho, madala. Ine ndi mphezi."

Nduna anagogoda pageti ndi chikwama. "Insipekitala! Kuchokera ku Belgrade!"

Iye ankayembekeza kuti anthu anjenjemera. M'malo mwake Dokotala Zorka anatuluka akuthamanga, manja m'mwamba, nkumupsompsona masaya katatu monga timachitira kuno.

"Mwabwera! Ambuye wanga, mwabweradi! Bwana, ndakulemberani makalata mpaka dzanja kutupa. Lowani, lowani! Anyamata, khofi!"

Anamukhazika pampando wa dokotala weniweniwo. Anamubweretsera khofi, zipatso zophika mu shuga, madzi ozizira, kenako rakiya amene ankasungira tsiku lalikulu. Ogwira ntchito onse anandanda kudzamupatsa moni. Abale inu, munthu amene moyo wake wonse anthu ankamubisalira pansi pa mipando ya basi, lero akumuti bwana kawirikawiri. Tambula yachiwiri isanathe, Nduna anali atakhulupirira yekha kuti ndi insipekitala.

Radoje, ataona kuti alamu ake akhazikika, anazemba mwakachetechete kupita kumakola. Anapeza Murgo ku khola lakumapeto, atagona, mutu pamiyendo. Anatsegula chitseko.

"Murgo, mwana wanga, ndine. Tiye kwathu."

Murgo anadzutsa mutu. Anaona munthu wopanda ndevu, wonunkha sopo wa kometera, atavala chovala choyera. Tsono chilowereni kumeneko, aliyense wa chovala choyera amabwera ndi jakisoni. Galuyo anadzuka pang'onopang'ono, mano onse pamtunda.

"Iwe, usachite zibwana! Ndine bambo ako!"

Murgo anadumpha. Radoje, ndi ukalamba wake wonse, anauluka nkulowa m'khola lopanda kanthu loyandikana nalo, nakoka chitseko, khethe! Anapuma. Kenako anafufuza chotsegulira. Makola a agalu, anthuni, amatsegulidwa kunja kokha. Wopanga anaganiza kuti galu safunika chogwirira.

Kuofesi kuja Nduna anali pa ulendo woyendera. Anagogoda makoma, ananunkhiza thonje, anatsegula mpopi nkuutseka, anayang'ana nyale ya padenga akugwedeza mutu ngati katswiri.

"Ndiye mukuti bwanji, bwana?" anafunsa dokotala, manja atagwira pachifuwa. "Chipindachi nchoyenera?"

"Mayi dokotala, ndayenda Serbia yense. Chipinda ngati ichi sindinachionepo. Ngakhale ine nditadwala, mudzandigoneke pompano."

Ogwira ntchito anaomba m'manja. Dokotala anamupatsa pepala ndi cholembera. Palibe anali atamupemphapo siginecha chichokereni kumabasi, ndiye dzanja linangoyenda lokha: dzina lake lenileni, la bambo ake lomwe, ndi kamchira kopiringizika kumapeto.

"Zikomo, bwana! Tsopano chatsala chimodzi. Lamulo likuti opaleshoni yoyamba muionerere nokha. Tiyambe ndi galu uti?"

Apa mpamene Nduna anakumbukira chimene anabwerera. Ndipo m'mutu mwake munabwera nzeru imene mpaka lero amati inali yabwino, inangosowa mwayi. Anaganiza kuti chigalu chonga Murgo nchovuta kuchikweza m'galimoto chili maso. Bwanji achigoneke okha ndi mankhwala awo, achinyamule okha, kenako iye aimitse zonse nkunena za nthenda ija?

"Ndamva kuti muli ndi wakuda wamkulu," anatero.

"Mwasankha bwino, bwana. Ameneyo watisowetsa mtendere."

Anyamata awiri anapita kumakola ndi ndodo ya chingwe. Anapeza Murgo ali panja pa khola lake, akulondera chitseko cha khola lina, agalu onse akuuwa ngati kwagwa moto. Anamukola, namubaya jakisoni wogonetsa. Radoje anakuwa, anagwedeza waya, anatchula mayina a oyera mtima onse. Mmodzi wa anyamatawo anamuona ndithu.

"Taona, wothandiza bwana uja walowa m'khola."

"Msiye, akuyeza kukula kwake. Anthu a ku Belgrade sachita zachibwana."

Anamupatsa ulemu, nkumudutsa, atanyamula Murgo wake ali lende.

M'chipinda muja anagoneka galu patebulo. Nduna anakonza tayi, natsokomola, kukonzekera mawu ake aakulu. Koma dokotala anavundukula nsalu pa thireyi, ndipo panaoneka timipeni, malumo, zopanira, zonse zikunyezimira.

"Bwana, tandigwirirani thireyiyi, tili ochepa manja."

Nduna anayang'ana timipeni tija. Anayang'ana pamene dokotala anali atayamba kumeta. Munthu uyu, nkhuku ya Khirisimasi amamuphera ndi mkazi wake, iye ali kuseri kwa nyumba.

"Galu ameneyu..." anayamba. "Galu ameneyu ali ndi..."

"Ali nazo, bwana, zazikulu ndithu. Tichotsa pompano."

Nduna anagwa chagada, khu! Dokotala anasuzumira pansi, anaona kuti akupuma, anauza mnyamata kuti amuike chikwama kumutu ngati pilo. Galu anali atagona kale, mankhwala sadikira munthu. Anapitiriza ntchito yake.

Kumtunda kuja Mabuleki anamva agalu akuuwa, ndiponso mawu a munthu akukuwa chapatali. Phokoso lija ndi limeneli, anatero mumtima. Anatsika, nachotsa mwala kuti akhale wokonzeka. Anayamba wayatsa fodya kaye. Atatembenuka, galimoto inali itanyamuka yokha, kabichi akudumpha m'mbuyo. Inatsetsereka mwaulemu, iye akuithamangira akuitchula mayina, mpaka inakadzipanikiza pakati pa zipilala za geti ngati chivindikiro pabotolo. Geti la kumeneko ndi limodzi.

Apolisi anaitanidwa chifukwa cha geti basi. Anachita kukwera pamwamba pa kabichi kuti alowe. Sajeni wake ndi mwana wa kuno, anakulira m'mabasi omwewo. Atalowa m'chipinda anaona munthu wa suti ali gone pansi, akuphethira.

"Aa, a Nduna! Mwayamba kuyendera matikiti a agalu?"

"Ameneyu ndi insipekitala wa ku Belgrade," anatero dokotala, akuvula magolovesi.

"Mayi, Belgrade ameneyu anangomuona pa kalendala."

Dokotala anatenga pepala lija nkuwerenga dzina mokweza. Sajeni anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako apolisi anapeza Radoje m'khola muja, mawu atatha, atagwira waya ndi manja awiri. Poyamba sajeni anakana kuti si iye, mpaka Radoje anatukwana, ndiye anamuzindikira.

Zorka sanaseke. Anandiuza mawa lake, nyemba zikuzizira m'mbale, kuti akanatha kulandidwa chiphaso cha ntchito chifukwa cha zitsiru zitatu. Anati anaima pamaso pa Radoje nkumuuza mosapsatira:

"Bambo, galu wanu masiku omuyang'anira ngati ali ndi chiwewe anali kutha Lachisanu. Mukanabwera ndi tindalama ta katemera, mukanamutenga ali wamphumphu. Ine ndinalibe chilolezo chomukhudza. Chilolezocho mwandibweretsera ndi inu, pa galimoto."

Akuti Radoje anakhala pansi pasimenti, nagwira pamene panali ndevu, koma panalibe chogwira. Pamenepo ngakhale ine mtima unandiwawa.

Woweruza anawagamula kuti akakolope makola mpaka chilimwe chithe. Ali mkati mokolopa, insipekitala weniweni anafika, kamnyamata koonda ka magalasi, kosamwa ngakhale khofi. Kanayang'ana chipinda chija nkunena kuti sinki ili mbali yolakwika. Kanachitseka, ndipo nchotseka mpaka lero. M'mbiri yonse ya chipinda chimenecho, galu amene anathenedwamo ndi mmodzi yekha.

Murgo anabwerera kuphiri. Wanenepa, amagona pakhonde tsiku lonse, ndipo munthu wa positi amamubweretsera mabisiketi. Mimbulu ikalira, amangotembenukira mbali ina.

Sabata yatha atatuwa anabweranso patebulo lawo. Nduna anali akufotokoza kuti pulani inali bwinobwino, chinalakwika ndi thireyi. Radoje ankasisita chibwano, pamene tsopano pabiriwiranso.

"Mayi Stanka," anandiitana ndi mawu ofatsa, "tsiku lija munkafuna kunena chiyani?"

"Ine? Palibe, bambo. Zinali nkhani za amuna."

Anagwedeza mutu, nayang'ana m'tambula.

"Komabe ndevu zameranso," anatero, ngati akudzitonthoza.

"Ndevu zimamera, a Radoje," ndinatero, ndikumuthirira ina yaulere. "Zinazo ayi."